Mphindi Khumi Zimene Ndinaba

Dzina langa ndine Lena. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkagwira ntchito yoongolera ndege pa bwalo la kuno kuchigwa, m'boma la Mambwe. Ngati munakwerapo ndege kuno m'zaka zimenezo, mwina woyendetsa wanu ananyamuka atamva mawu anga. Nkhaniyi ndi ya ine ndi amalume anga, a Monday. Ndinawakwiyira koopsa, ndipo kunena zoona mkwiyowo sunathe wonse mpaka lero. Koma musafulumire kusankha mbali.

1

Amalume ndi amene anandikweza masitepe a nsanja yoongolera ndege koyamba, ndili ndi zaka khumi. Bambo anga anali atamwalira, choncho mlongo wa amayi ndiye anatilera. Ndi iwo anandigwira dzanja pondiphunzitsa kulemba manambala, moti mpaka pano folo wanga ndi seveni wanga simungawasiyanitse ndi awo. Nditamaliza maphunziro ku Lusaka n'kutumizidwa ku nsanja yomweyo, ananyadira ngati awina nkhondo. Pamene ndinkakwatiwa ndi Jairos, amene amaperekeza alendo kukaona nyama pa kampu ina ku Nkwali, ankhoswe anga anali iwo omwe.

Pa bwalo lathu panalibe makina oonetsa pamene ndege ili m'mwamba. Tinkadalira wailesi, wotchi ndi timapepala. Ndege iliyonse inali ndi kapepala kake kakatali ngati chala, kokhala pa bolodi patsogolo pathu. Ikangonyamuka, unkalembapo mphindi imene yanyamukira. Amalume anali ndi chizolowezi chawochawo: akalemba nthawi, ankapinda kangodya ka kapepalako ndi chala chachikulu.

"Kapepala kopinda ndiye kuti ndege ili m'manja mwa Mulungu ndi mwanga," ankatero. Ine ndinkaseka kuti n'zachikale, ndipo sindinatengere.

Lamulo limene anandikhomerera m'mutu linali la njira ya ku Lusaka. Ndege yaing'ono, yoyenda pang'onopang'ono, ikatsogola, yaikulu iyembekeze mphindi khumi. Ikatero imakhala itakwera kale pamwamba isanaipeze inzakeyo. Ukaifulumiza, imakaipeza pa msinkhu umodzi.

"Teni minitsi, mphwanga," ankatero. "Woyendetsa akalire bwanji, teni minitsi. Iye akuthamangira nthawi, iwe ukusunga anthu."

2

Izi ndi zimene ndinauza ofufuza.

Linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kunkatentha moti phula linkanunkha, ndipo utsi wa moto wa m'tchire unali utaphimba chigwa chonse. Mapiri sankaoneka. Ozimitsa moto anali atangomaliza kuthamangitsa nswala pa msewu wonyamukira ndege.

Ndinalowa m'nsanja nthawi ili 11:43. Amalume anandipatsa mpando, anasayina m'buku kuti andisiyira ntchito, n'kutsika. Pa bolodi panali timapepala tiwiri. Koyamba kanali ka ndege yaing'ono ya anthu khumi ndi mmodzi, yopita ku Lusaka, ndipo panalembedwa 31. Kachiwiri kanali ka ndege yaikulu ya anthu makumi anayi ndi mmodzi, yopitanso ku Lusaka, imene inali itaima kumapeto kwa msewu, injini zikulira.

Woyendetsa yaikuluyo anayitana pa wailesi. "Nsanja, takonzeka. Tili ndi alendo ofuna kukapeza ndege ina ku Lusaka."

Ndinayang'ana wotchi. Inali 44. Kuchokera pa 31, mphindi khumi ndi zitatu. Ndinamulola kunyamuka.

Iye anali ataiona yaing'onoyo ikunyamuka, koma ankayesa ikupita kwina, ku makampu a ku Zambezi. Kudziwa kumene ndege iliyonse ikulowera ndi ntchito ya wa m'nsanja.

Patapita mphindi zisanu wailesi inalira ndi mawu amene sindidzawayiwala. Munthu wamkulu uja ankalankhula mothamanga ngati mwana.

"Nsanja, pali ndege patsogolo pathu. Tikukwera, tikukhotera kumanja."

Kumbuyo kwa mawu akewo ndinkamva chipangizo cha m'ndege yake chikukuwa kumuchenjeza. Kenaka kunangoti zii. Ndinawerenga kugunda kwa mtima wanga kasanu ndi kawiri. Ndiyeno analankhula woyendetsa yaing'ono, mayi wa mawu odekha.

"Nsanja, yatidutsa pamutu. Ndawerenga zilembo za pamimba pake. Mphepo yake yatigwedeza, anthu akulira, koma tili bwino. Ndani wailola imeneyi?"

Anthu makumi asanu ndi awiri anapulumuka pa kampata kochepa kuposa bwalo la mpira.

3

Ofufuza awiri anabwera kuchokera ku Lusaka Lolemba. Anamvetsera zojambulidwa za pa wailesi, ndipo zinaonetsa kuti ndege yaing'ono inanyamuka 11:41, osati 11:31. Yaikulu inanyamuka 11:45, choncho pakati pa ndege ziwirizo panali mphindi zinayi zokha. Makinawo amajambula za pa wailesi basi. Zimene anthu awiri auzana m'chipindamo popatsana ntchito sizijambulidwa.

Anatiyitana tonse awiri. Wamkulu wa ofufuzawo, a Harris, anaika kapepala patebulo.

"Mayi Lena akuti anadalira nthawi yolembedwa apa. Bambo Monday, dzanja ili ndi lanu?"

Amalume anavala magalasi awo atsopano. Anatola kapepalako, n'kukayang'ana nthawi yaitali, chala chachikulu chikusisita pangodya. Sanandiyang'ane.

"Manambalawa ndi anga," anatero.

"Munalemba sate wanu m'malo mwa fote wanu?"

"Zalembedwa choncho."

"Popatsana ntchito, simunamuuze pakamwa kuti yaing'ono yangonyamuka kumene?"

Amalume anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Ndakalamba, bwana. Sindikumbukira."

Anawalanda chiphaso cha ntchito kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume mwaulemu. Zaka makumi atatu osalakwitsa ngakhale kamodzi zinathera pamenepo. Ine anandipumitsa milungu iwiri, kenaka ndinabwerera pa mpando.

4

Maina a okwera ndege yaing'ono ija sanabisike. Anali m'mapepala a ofufuza, ndipo anali kale pakamwa pa aliyense wonyamula katundu pa bwalo. Pakati pa azungu asanu ndi atatu panali Jairos, mwamuna wanga, amene anandiuza kuti akupita ku Chipata pa galimoto kukagula zipangizo za kampu. Pambali pake panali Natasha, mwana wa mayi anga aang'ono, amene ndinamutenga kumudzi, ndinamusunga m'nyumba mwanga chaka chathunthu, n'kumupezera ntchito yolandira alendo pa kampu ya Jairos yomweyo. Anali ndi mimba ya miyezi isanu.

Jairos anabwerera pa basi. Ndege sankafunanso kuimva.

Abale anakumana Loweruka m'mawa kwa amayi ku Lupande, pansi pa mtengo wa mango. Jairos anakhala pa mpando wamfupi, maso ali pansi, akuseweretsa makiyi.

"Bambo a Purity," ndinatero, "tatiuzani. Chipata anaisamutsira liti ku Lusaka?"

"Amayi a Purity, tiyeni tilankhule ngati akuluakulu."

"Akuluakulu? Munthu wodziwa phazi la nyalugwe pa mchenga, mumayesa phazi lanu silioneka? M'nyumba mwanga? Pa mphasa imene ndinamuyalira ndekha?"

"Lena, chepetsa mawu," amayi anatero. "Anthu akumva."

"Amve, amayi. Ku bwalo la ndege anamva kale."

Ndinatembenukira kwa amalume. Anali atakhala pambali, chipewa chili pa bondo.

"Amalume, auzeni anthuwa. Munkadziwa kapena simunkadziwa?"

"Ndinkadziwa," anatero. "Milungu itatu. Jairos anabwera kudzandiuza. Ndine ndinati mtsikanayu apite kaye akakhale kwa mwana wanga ku Lusaka, mimba isanaonekere, kenaka tikhale pansi tikuuze bwinobwino."

"Bwinobwino."

"Nonse awiri ndinu ana a alongo anga, Lena. Ndikanaponya uti kwa afisi?"

"Inu ndinu ankhoswe a banja langa kapena ogulitsa matikiti a ndege? Milungu itatu tikupatsana mpando womwewo, mukundifunsa kuti mwaswera bwanji, ine n'kumayankha ngati chitsiru. Munandiphunzitsa kuti wa m'nsanja sabisa kanthu kwa mnzake. Kapena lamulolo limathera pa masitepe?"

Amalumewo ndinawauza kuti pa maliro anga asadzafike. Amayi analira. Jairos ndinamulongedzera katundu tsiku lomwelo.

Chigwa chonse chinandimvera chisoni. Azimayi a ku tchalitchi ankabwera kudzandipempherera. Amalume anabwerera ku munda wawo ku Lupande, kumakalima chimanga ndi kumanga mipanda ya tsabola yoingitsira njovu. Anyamata a njinga za kabaza anawapatsa dzina, ankawatcha a Sate Wanu. Akadutsa pa msika wina ankakuwa kuti, "A Sate Wanu, nthawi ili bwanji?" Ine ndikamva zimenezo ndinkati zikuwayenera.

5

Tsopano ndikuuzeni zimene sindinauze ofufuza.

Lachinayi lija sindinafike pa bwalo 11:43. Ndinafika 11:20, chifukwa wozimitsa moto wina anandikweza pa njinga yamoto. Ndikudutsa m'mbali mwa mpanda wa waya ndinaona okwera akuyenda kupita ku ndege yaing'ono. Choyamba kuzindikira chinali chikwama changa chofiira, chimene ndinkachifuna kwa mlungu wathunthu. Anachinyamula Jairos. Dzanja lake lina linali pamsana pa Natasha, kumuthandiza kukwera. Mphepo ya injini inakanikiza diresi lake pathupi, ndipo ndinaona mimba.

Sindinakuwe. Ndinagwira waya uja mpaka unandicheka zala. Ndinaima pomwepo ndegeyo ikutseka chitseko, ikuyenda, ikuthamanga, ikunyamuka. Ndinaiperekeza ndi maso mpaka inalowa mu utsi. Palibe munthu pa bwalo lonse amene ankadziwa bwino kuposa ine kuti ndegeyo inali itangonyamuka kumene.

Ndinakwera masitepe ndikuthamanga. Amalume anali atandiona kale pa zenera. Nkhope yawo inandiuza zonse.

"Amalume, munkadziwa?"

"Tikambirana kunyumba, mphwanga. Pano ndi pa ntchito." Anandilozera bolodi. "Yaing'ono yanyamuka fote wanu. Yaikulu iyembekeze mpaka fifite wanu. Wamva?"

"Munkadziwa?"

"Lena, wamva? Ungathe kugwira, kapena ndikhalebe?"

"Tulukani."

Anaima pang'ono. Kenaka anasayina n'kutsika.

Woyendetsa yaikulu anayitana kamodzi, kawiri, katatu. M'mutu mwanga munali chikwama chofiira. Munali mphasa ija, munali mawu oti tikambirana kunyumba. Ndinangofuna kuti munthu uja asiye kundisokosera. Sindinayang'ane wotchi, sindinayang'ane bolodi. Ndinadina batani n'kumulola.

Ndadzifunsa kambirimbiri ngati pansi pa mtima ndinkafuna kuti awiri aja afe. Ndikukhulupirira kuti ayi. Koma sindingalumbire pa Baibulo kuti ndinayiwaliratu kuti ali patsogolo.

Zitatha, oyendetsa onse atatsimikiza kuti ali bwino, ndinayang'ana kapepala ka amalume. Panali 41, woonekera bwino, kangodya kopindidwa. Ndinakachotsa pa bolodi n'kukabisa kuseri kwa foni yanga, mkati mwa chikuto. Ndinatenga kapepala katsopano, n'kulemba zonse ndi manambala amene iwo anandiphunzitsa. Ndinalemba 31. Ndinkati: anandibisira, alipire.

6

Kapepala kenikeni kanakhala kuseri kwa foni miyezi isanu ndi inayi. Sindinakang'ambe, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinkagwira ntchito bwino kuposa kale. Ndinkasunga ndege mphindi khumi ndi ziwiri m'malo mwa khumi, oyendetsa mpaka anayamba kudandaula.

Tsiku lina mwana wanga Purity anabwera kuchokera kusukulu kolala ya malaya ake itang'ambika. Anamenyana ndi mnzake amene anati agogo ake sadziwa kuwerenga. Anandifunsa kuti, "Amayi, n'zoona agogo a Monday anafuna kupha anthu?" Ndinamutuma kukasamba. M'mawa mwake ndinakwera njinga kupita ku Lupande.

Ndinawapeza m'munda, akumangirira nsanza zopaka tsabola ndi mafuta a injini pa chingwe. Anali ataonda. Wotchi yawo ya ku ntchito inali pa mkono, yolondola mpaka pa sekondi.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera, kaya iwe? Unati ndisadzafike pa maliro ako. Sunanene za iwe kufika pa munda wanga."

Ndinatsegula chikuto cha foni, n'kuika kapepalako m'dzanja lawo. Anakayang'ana, n'kusisita kangodya kopindidwa kaja. Sanadabwe.

"Wakasunga bwino," anatero.

"Munkadziwa."

"Funso lako lomwe lija." Anaseka pang'ono. "Zaka makumi atatu sindinasiyepo kapepala kosapinda, Lena. Kaja anandionetsa a Harris kanali kosalala ngati kochokera kusitolo. Folo ndi seveni za m'nambala ya ndege unakopera bwino. Chala unayiwala."

"Nanga bwanji simunanene? Akanatsegula bokosi la timapepala tanu takale, akanaona okha."

"Ndinali nditakulakwira kale. Mwamuna wapita, m'bale wapita, ndikuchotserenso ntchito? Purity akanadya chiyani? Ine ndakalamba. Komanso ndinakuona nkhope tsiku lija, ndinadziwa kuti suli bwino, koma ndinatsikabe masitepe. Mlanduwo ndi wanganso."

Mwina mukuganiza kuti ndinagwada n'kulira. Ayi. Mkwiyo unandikwera kuposa wa pansi pa mango uja.

"Ndiye mwachitanso zomwezija. Mwandisankhiranso. Poyamba munaganiza kuti Lena sangathe kumva za mwamuna wake, mumubisire. Kenaka Lena sangathe kusenza mlandu wake, mumusenzere. Mudzaleka liti kundiona ngati kamwana kogwiridwa dzanja polemba?"

"Ndinkakuteteza."

"Munkateteza ndani? Aja makumi asanu ndi awiri? Munasiya m'nsanja munthu amene analola ndege osayang'ana wotchi, munthu wopeka kapepala, miyezi naini akulamula anthu m'mwamba. Mawa mutu ukanandisokonekeranso? Inu amene munkati wa m'nsanja akusunga anthu?"

Apa anakhala pansi pa chitsa, nsanza ya tsabola ili m'manja.

"Zimenezo ndimaziganiza," anatero. "Ndege iliyonse ikadutsa pano ndimayang'ana wotchi. Ina ikatsatira, ndimawerenga."

"Ndipatseni kapepalako."

"Ukapita nako ku Lusaka sudzakhalanso pa mpando uja. Wamva?"

"Ndamva, amalume. Ulendo uno ndamva."

Anakagwira kanthawi, kenaka anandibwezera.

7

Ndinapita ku Lusaka pa basi n'kukapereka kapepalako kwa a Harris ndi dzanja langa. Anatumiza munthu kukatsegula mabokosi a timapepala takale. Tonse ta amalume tinali topinda pangodya, kupatula kamodzi kaja. Chiphaso changa anandilanda, ndipo sindidzachipezanso. Kulola ndege molakwika akanandikhululukira n'kundibwezera kusukulu. Kupeka kapepala sakhululuka, ndipo ali ndi chifukwa.

Amalume anawalembera kalata yowayeretsa pa nkhani ya nthawi, koma momwemo anawadzudzula chifukwa chonamiza ofufuza. Nthawi yawo yopuma inali itakwana kale, choncho ku nsanja sanabwerere. Kalatayo anaipinda pangodya n'kuiika m'Baibulo. Pa msika ena akuwatchulabe a Sate Wanu. Dzina likamera silizuka ndi kalata.

Azimayi amene ankandipempherera aja tsopano amandilambalala. Jairos ali ndi Natasha ndi mwana wawo wamwamuna, amene ndinatsala pang'ono kumupha asanabadwe. Sindinawakhululukire, ndipo musandilembere makalata ondiuza kuti ndiwakhululukire. Ine ndikugwira ntchito pa kampu ina, kukonza za magalimoto okatenga alendo ku bwalo. Purity ndinamuuza zonse ndekha. Anakhala masiku anayi osandilankhula.

Owerenga anzanga, ine ndinalakwiridwa, ndipo palibe angandiuze kuti ndinalibe chifukwa chokwiyira. Koma anthu amene anali m'ndege zija sanandibere mwamuna. Panali mawu amodzi amene ndikanayenera kunena tsiku lija amalume atandifunsa ngati ndingathe kugwira ntchito. Ndikanati sindingathe. Kunyada kunanditseka pakamwa, ndipo bodza linabwera pambuyo kudzatseka zotsalazo. Ngati ntchito yanu imanyamula miyoyo ya ena, kaya mumayendetsa minibasi, kaya mumabaya jakisoni, tsiku limene mtima wanu ukuyaka muuze mnzanu akhalebe pa mpando. Ndipo inu akuluakulu a m'mabanja, amene mumabisa nkhani kudikira nthawi yabwino, dziwani kuti nkhaniyo sidikira inu. Mwini wake adzaipeza yekha pa mpanda wa waya, kutatsala mphindi zochepa kuti ayambe ntchito.

Lamlungu lapitali ndinali ku munda kwa amalume, tikukonza chingwe chimene njovu zinadula. Sitilankhulana zambiri, ndipo ndikadawakwiyirabe pang'ono. Ndege yaing'ono inadutsa pamwamba pathu kulowera ku Lusaka. Tonse awiri tinasiya chingwe n'kuyang'ana wotchi yawo. Tinaima choncho pa dzuwa mpaka yaikulu inamveka.

"Leveni minitsi," amalume anatero.

Tinatola chingwe n'kupitiriza kumanga.